Dzina la Müller: mafunso ndi mayankho

Timu ya Germany kapena ya Bayern Munich ikangosewera, mafunso okhudza dzinali amayambiranso. Ena amachokera kwa ophunzira zaumoyo amene alipeza m'mabuku awo, ena kwa abale okhala ku Britain amene amaliona pa kachitini ka yogati. Ndasonkhanitsa pano amene amabwerabwera, kuyambira osavuta.

Kodi mawu akuti Müller amatanthauza chiyani?

Amatanthauza wogaya, munthu wa pachigayo. M'Chijeremani chigayo amati Mühle, kugaya amati mahlen, ufa amati Mehl, ndipo woyendetsa chigayocho ndiye Müller. Mawuwa akadali amoyo: wachinyamata amene waphunzira ntchito yopanga ufa m'fakitale amati ndi Müller, ngakhale dzina la makolo ake litakhala lina.

Muzu wake uli ku Chilatini, ku mawu akuti molinarius, amene nawo anachokera ku molina, chigayo. Aroma ndi amene anafikitsa zigayo zoyendera madzi kumpoto kwa mapiri a Alps, ndipo chidacho chinabwera ndi dzina lake lomwe, ngati mmene wailesi inafikira kwathu. M'zolemba zakale mumapezeka kalembedwe ka mülner. Chilembo cha n chinazimirira m'madera ambiri, koma ku Austria ndi ku Bavaria aliko a Müllner mpaka lero.

Amalitchula bwanji eni ake?

Povuta ndi pa ü. Tchulani "i" wa mu "ine", lilime lisasunthe, ndiye songolani milomo ngati mukufuna kuimba mluzu. Chimene chituluke pamenepo ndiye ü, ndipo m'dzinali ndi wamfupi. Kumapetoko -er amamveka ngati "a" wopepuka, r samveka. Owulutsa mpira kwathu ena amati "Mula", ena "Myula". Achiwiriwa ndi amene ayandikirako.

Ophunzira Chijeremani amasokonezeka akamva kuti Müll ndi zinyalala. Wotola zinyalala samutcha Müller, amati Müllmann.

Zinatheka bwanji kuti ntchito isanduke dzina la banja?

Kale Mjeremani ankakhala ndi dzina limodzi basi. M'zaka za m'ma 1100 ndi 1200 mizinda ngati Köln, Mainz ndi Basel inayamba kudzaza, pamene maina obatizira amene anthu ankawakonda anali ochepa: Johannes, Heinrich, Konrad ndi ena owerengeka. Mlembi wa msonkho, wa ngongole kapena wa cholowa akanalemba chabe kuti "Hans" akanayambitsa milandu. Ndiye ankawonjezera kanthu: Hans wogaya, Hans wosula, Hans mwana wa Peter, Hans wa kuphiri.

Poyamba chowonjezeracho chinkafa ndi mwini wake. Koma chigayo chinkapita kwa mwana, mwanayo n'kusiyira wake, ndipo dzina linakakamira pakhomopo. Akatswiri a maina amadziwa kuti lakhazikika akapeza m'kaundula munthu wolembedwa kuti Müller pamene ntchito yake ndi yophika buledi kapena yosoka nsapato. Izi zinayambira kumwera ndi kumadzulo, m'mizinda, n'kumafalikira pang'onopang'ono kumidzi ndi kumpoto. Ku Ostfriesland, chigawo cha kumpoto chakumadzulo kwa Germany, anthu anapitiriza kutchulana ndi dzina la bambo mpaka lamulo la Napoleon la 1811 litawakakamiza kusankha dzina lokhazikika. Kalembedwe nako kanali kosinthasintha, malinga ndi khutu la wansembe wolemba, mpaka 1876 pamene boma linatenga ntchito yolemba obadwa, okwatirana ndi omwalira m'dziko lonse.

Mukaona maina amene ali pamwamba ku Germany, ndi msika weniweni: Schmidt wosula zitsulo, Schneider telala, Fischer msodzi, Weber woomba nsalu, Meyer kapitawo wa minda ya bwana, Wagner wopanga ngolo, Becker wophika buledi, Schulz nyakwawa yotolera msonkho.

N'chifukwa chiyani a Müller achuluka chonchi?

Ndi dzina loyamba ku Germany, ndipo anthu olitenga amawayerekeza kuti ndi pafupifupi 700,000. Ku Switzerland nakonso ndi loyamba. Ku Austria ayi, kumeneko akutsogola ndi a Gruber.

Buledi ndiye nsima yawo, choncho mudzi uliwonse unkafunika pogayira tirigu ndi mbewu ya rye. Komanso panali lamulo lotchedwa Mühlenzwang. Mwini dziko, kaya mfumu, bishopu kapena nyumba ya amonke, ndiye yekha anali ndi ufulu womanga chigayo, ndipo alimi a m'dera lake ankakakamizidwa kugayitsa pachigayo chakecho. Kupita kwina unali mlandu. Dera lililonse la bwana, ngakhale laling'ono bwanji, linali ndi wogaya wake.

Koma chifukwa chenicheni, mmene ndikuonera ine, ndi ichi. Alimi ndi amene anali ochuluka kuposa onse, komabe dzina la Bauer, mlimi, lili kumbuyo kwa Müller. M'mudzi woti aliyense ndi mlimi, kunena kuti "Hans mlimi" sikuthandiza aliyense. Wogaya anali mmodzi pamudzi, koma analipo m'midzi yonse. Dzina labwino losiyanitsira anthu limafuna zinthu ziwirizi pamodzi.

A Schmidt ali ndi podandaulira. Mukaphatikiza Schmidt, Schmitt, Schmid ndi Schmitz, osula zitsulo amaposa ogaya. A Müller anangochita mwayi kuti kalembedwe kawo sikanamwazike kwambiri.

Ndiye onse ndi pachibale, ngati a Phiri kapena a Banda?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri a ife timaphonya. Kwathu mfunda umanena za magazi: Phiri akakumana ndi Phiri mnzake kutali, amafunsana kwawo n'kuyamba kuitanana achimwene. Müller si mfunda. Linabadwa kambirimbiri, m'midzi yosadziwana, paliponse pamene panali gudumu la madzi. Müller wa ku Hamburg ndi wa ku Stuttgart ali ngati matelala awiri, wina wa ku Limbe wina wa ku Chipata. Akakumana sadabwa n'komwe.

Kumene dzinali limavutitsa ndi pakhomo. Nyumba zambiri zosanjikizana ku Germany sizikhala ndi nambala ya chipinda pa adiresi. Pachitseko cha pansi pamakhala mabatani a belu, lililonse ndi dzina la banja, ndipo mabokosi a makalata nawo amayendera dzina. M'nyumba ina imene ndinakhalamo munali a Müller awiri, wina pansi wina pamwamba. Wapamwambayo, gogo wamkazi, anamata kapepala pa bokosi lake kolembedwa ndi bolopeni chilembo choyamba cha dzina lake, n'kuchizunguliza kawiri. Sizinathandize. Pafupifupi sabata iliyonse ankatsika masitepe pang'onopang'ono, envelopu ya mnzakeyo ili m'manja.

Kodi wogaya anali munthu wolemekezeka?

Anali ndi chakudya, nthawi zambiri anali ndi chuma, koma ulemu unali wokayikitsa. Malipiro ake sanali ndalama. Ankatapa gawo la mbewu iliyonse yobwera, ndi muyezo wotchedwa Metze, m'madera ambiri gawo limodzi mwa magawo 16. Mlimi ankabweretsa thumba lodzaza n'kubwerera ndi lopepuka, osadziwa kuti zingati zapita ku madeya, zingati zauluka ngati fumbi, zingati zalowa m'nkhokwe ya wogaya. Kwina kopita kunalibe, chifukwa cha lamulo lija ndafotokoza pa funso la kuchuluka kwa dzinali. Aliyense amene anayang'anapo ufa wake pachigayo n'kumaona ngati wachepa akudziwa mtima umene mlimiyo ankabwerera nawo.

Chigayo chinkakhalanso kunja kwa mudzi, kumtsinje, ndipo chinkalira ngakhale usiku madzi akakhalapo. Mphekesera zinali zosatha. M'madera ena ntchitoyi ankaiika m'gulu la zotchedwa unehrlich, zopanda ulemu, moti mabungwe a amisiri ankakana kulandira ana a ogaya. Zinafika poti malamulo a ufumu wonse a 1548 analamula kuti ana amenewa azilandiridwa ngati ena onse.

Pachigayo pomwepo panachokera mwambi umene Ajeremani amaunena mpaka pano: Wer zuerst kommt, mahlt zuerst, wofika poyamba ndiye agaye poyamba. Unali lamulo lenileni, lolembedwa m'buku la malamulo la Sachsenspiegel la Eike von Repgow cha m'ma 1220 ndi 1230, loletsa wogaya kudumphitsa thumba la mnzake kapena la wolemera. Mzere wa matumba umene umandanda pachigayo magetsi akabwera sunayambe lero.

Dziko la Prussia linathetsa Mühlenzwang mu 1810. Makina a nthunzi ndi zigayo zazikulu za m'mafakitale anamaliza zotsalazo, ndipo mu 1957 boma la West Germany linafika polipira eni zigayo kuti atseke. Zakale zimene zinapulumuka amazitsegulira alendo chaka chilichonse Lolemba la Pentekoste.

Müller, Mueller, Muller, Möller, Miller: ndi dzina limodzi?

Ntchito ndi imodzi, kalembedwe kamatsata dera. Möller ndi wa kumpoto, kumene ankalankhula Chijeremani cha m'zigwa, ndipo ku Denmark ndi Møller. Miller ndi wa Chingerezi, komanso ndi katchulidwe ka ku Bavaria ndi Swabia, kumene ü amamveka ngati i. Muller wopanda timadontho ndi wofala ku Alsace, ku Luxembourg ndi pakati pa Mabunu a ku South Africa. Hilgard Muller ndiye anali nduna yoona za kunja ya dzikolo pamene Malawi inakhazikitsa nalo ubale wa ukazembe mu 1967. Mulder, dzina limene okonda cricket amalimva kawirikawiri kumeneko, ndi la Chidatchi, tanthauzo lomwelo. Kwinaku kuli Meunier ku France, Molinari ku Italy, Molnár ku Hungary ndi Melnyk ku Ukraine.

Mueller ndi Müller yemweyo. Timadontho tiwiri tija tinachokera ku ka e kakang'ono kamene alembi ankakalemba pamwamba pa u, choncho pamene palibe timadontho amalemba ue. Pa pasipoti ya Germany, pamwamba pamalembedwa Müller, koma m'mizere iwiri ya pansi yowerengedwa ndi makina muli MUELLER. Ngati mukugulira mlendo wa dzinali tikiti ya ndege, tsatani za m'mizere ya pansiyo.

Ku America mabanja ena anasunga Mueller, monga la Robert Mueller amene anatsogolera FBI kuyambira 2001 mpaka 2013. Ambiri anangosanduka a Miller, ena atangofika, ena m'nthawi ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse pamene dzina la Chijeremani linkabweretsa mavuto.

Nanga maina ataliatali ngati Obermüller ndi Neumüller?

Mtsinje umodzi ukakhala ndi zigayo zitatu, vuto la Hans lija limabwereranso. Obermüller ndi wa chigayo cha kumtunda, Niedermüller cha kumunsi, Neumüller chatsopano, Waldmüller cha kunkhalango. Ena amanena chimene chinkagayidwa, pakuti gudumu la madzi silinkagaya mbewu zokha: Ölmüller ankayenga mafuta, Lohmüller ankapera makungwa ofufutira zikopa, Sägmüller ankacheka matabwa, Pulvermüller ankapanga onga wa mfuti.

Lotchuka kwambiri mwa onsewa ndi la Martin Waldseemüller, wojambula mapu. Pa mapu ake a 1507, amene anawakonzera ku Saint-Dié, tauni imene lero ili ku France, ndi pamene dzina loti America linalembedwa koyamba.

Kodi Thomas Müller ndi mwana wa Gerd Müller?

Ayi. Funsoli ndi limene limabwera kuposa onse, ndipo yankho lake lili kale pa funso la mfunda. Chosokoneza n'choti onse ndi a ku Bavaria, onse anatchukira ku Bayern Munich, onse anavala nambala 13 ku World Cup.

Gerd anabadwa mu 1945 ku Nördlingen ndipo anamwalira mu 2021. Anamwetsa zigoli 365 m'masewera 427 a Bundesliga, ndi 68 m'masewera 62 a timu ya dziko. Ku World Cup anamwetsa 10 mu 1970 ndi 4 mu 1974, kuphatikizapo chigoli chopambanira pa ndime yomaliza pamene anagonjetsa Netherlands 2–1. Zigoli zake 40 za mu Bundesliga ya 1971/72 zinakhala zosafikirika mpaka Robert Lewandowski atamwetsa 41 mu 2020/21. Thomas anabadwa mu 1989, anamwetsa 5 ku South Africa mu 2010 ndi 5 zina ku Brazil mu 2014 pamene Germany inatenga chikho. Mu 2025 anachoka ku Bayern n'kupita ku Vancouver Whitecaps.

Atolankhani a masewera anapanga mneni kuchokera ku dzinali, müllern, kumwetsa chigoli mwa Chimüller. Choseketsa n'choti mneniyo analipo kale ndi tanthauzo lina: agogo awo akati müllern ankanena masewera olimbitsa thupi a m'mawa amene anatchukitsa Mdanishi wina, J. P. Müller, kuyambira 1904.

Müller wa timu ya Brazil imene inapambana mu 1994 ndi nkhani ina. Limenelo linali dzina la pabwalo chabe, lenileni ndi Luís Antônio Corrêa da Costa.

Ndinamva kuti Gerd Müller anabwera ku Malawi. N'zoona?

N'zoona, koma si wa zigoli uja. Uyu ndi wandale wa chipani cha CSU, amene anali nduna ya Germany yoona za chitukuko cha maiko ena kuyambira 2013 mpaka 2021. Anabwera mu January 2019, ndipo ulendowo unatchuka kwawo chifukwa ndege ya boma imene anabwera nayo inakanika kunyamuka ku Lilongwe, iye n'kupitiriza wa ku Zambia pa ndege ina. Kumapeto kwa 2021 anakhala mkulu wa UNIDO, bungwe la United Nations loona za chitukuko cha mafakitale, ku Vienna.

M'ndale dzinali lili mbali zonse. Hermann Müller ndi mmodzi mwa awiri amene anasainira Germany pangano la Versailles mu 1919, ndipo anatsogolera boma kawiri, mu 1920 ndi kuyambira 1928 mpaka 1930. Heinrich Müller anali mkulu wa Gestapo, apolisi achinsinsi a Hitler, ndipo anzake ankamutcha Gestapo-Müller pomusiyanitsa ndi mkulu wina wa maina awiri omwewo wa SS, gulu lankhondo la chipani cha Hitler.

M'mabuku a sayansi dzinali lili ponseponse. Ndi munthu mmodzi?

Ndi anthu osiyana, ndipo pamayeso musawasakanize.

Timachubu ta Müller timene anamwino ndi madokotala amaphunzira, timene mwa mwana wamkazi wosabadwa timakula n'kukhala chiberekero ndi njira za mazira, tinatchedwa potengera Johannes Müller, amene anatifotokoza mu 1830. Dzina lake lilinso mu AMH, homoni imene amayeza kwa amayi ofuna thandizo la kubereka. Fritz Müller anasamukira kumwera kwa Brazil mu 1852, ndipo mu 1878 anafotokoza chifukwa chake mitundu iwiri ya agulugufe, yonse yowawa kwa mbalame, imafanana maonekedwe: mbalame ikalawa mmodzi imasiya onse, ndipo mitundu yonse iwiri imapindula. Walther Müller anali wophunzira wa Hans Geiger ku Kiel, ndipo chubu chawo cha 1928 ndi chija chimalira kuti tetete poyeza cheza choopsa. Chithunzi cha mizere iwiri yofanana kutalika, koma wina n'kumaoneka wautali chifukwa cha timivi ta kumapeto, ndi cha Franz Müller-Lyer, 1889.

Amene anatikhudza kwambiri kuno ndi Paul Müller wa ku Switzerland. Akugwira ntchito ku kampani ya Geigy ku Basel, mu 1939 anapeza kuti DDT imapha tizilombo, ndipo mu 1948 analandira mphoto ya Nobel. Pambuyo pake mankhwalawa anapezeka kuti amakhalitsa m'nthaka ndi m'matupi a zamoyo, moti analetsedwa pa ulimi. Pangano la Stockholm la 2001 linasiya mpata umodzi, wopopera m'nyumba polimbana ndi udzudzu wa malungo, ndipo South Africa, Zambia ndi Mozambique agwiritsapo ntchito mpata umenewo.

Yogati wa Müller, masitolo a Müller ndi vinyo wa Müller-Thurgau ndi za kampani imodzi?

Ayi, ndipo palibe mwa izi chimene chinayambira pachigayo. Kampani ya mkaka inayamba mu 1896 m'mudzi wa Aretsried ku Bavaria. Theo Müller anaitenga mu 1971 ili ndi antchito anayi, ndipo lero yogati wake wadzaza m'masitolo a ku Britain, kumene ili ndi fakitale ku Market Drayton. Masitolo a sopo, mafuta odzola ndi zidole amene likulu lawo lili ku Ulm anayambitsa ndi Erwin Müller, amene ntchito yake inali yometa tsitsi.

Müller-Thurgau ndi mtundu wa mphesa. Anaupanga mu 1882 ku Geisenheim ndi Hermann Müller, wina osati wandale uja, amene anamata dzina la kwawo, chigawo cha Thurgau ku Switzerland, kuti asiyane ndi anzake. Kumata dzina lachiwiri n'kofala. N'chifukwa chake mumamva maina ngati Müller-Wohlfahrt, dokotala amene anatumikira Bayern zaka zambiri.

Chokhacho chimene chili ndi ufa ndi cha kukhitchini. Pa menyu mukaona Forelle Müllerin, ndi nsomba yophikidwa "mwa mkazi wa wogaya": amaigubuduza mu ufa, n'kuikazinga mu batala, n'kufinyirapo ndimu. Ndinayesapo ndi chambo ndipo zinakoma.

Kodi Lieschen Müller ndi ndani?

Kulibe munthu wotero. Ajeremani akafuna kunena mayi wamba, wosadziwa zakuya za nkhani, amati Lieschen Müller. Wandale akauzidwa kuti alankhule zoti Lieschen Müller amve, ndiye kuti achepetse mawu ovuta. Muli kachipongwe pang'ono, choncho musamutchule choncho munthu pamaso.

George Müller amene amatchulidwa m'maulaliki anali Mngelezi?

Anali Mjeremani, wobadwira ku Kroppenstedt ku Prussia mu 1805. Anakhazikika ku Bristol, kumene anamanga nyumba zisanu za ana amasiye ku Ashley Down, ndipo pofika imfa yake mu 1898 anali atasamalira ana opitirira 10,000. Alaliki amamukonda chifukwa cha mfundo yake yosapempha ndalama kwa munthu aliyense, koma kupemphera basi.

Enanso anatchukira kunja. Max Müller anaphunzitsa ku Oxford n'kumasulira ndi kusindikiza mabuku akale a chipembedzo a ku India, moti nthambi za Goethe-Institut, bungwe lophunzitsa chinenero ndi chikhalidwe cha Chijeremani, m'dzikolo zimatchedwa Max Mueller Bhavan, chikhalirecho iye sanapondeko ku India. Herta Müller, amene analandira mphoto ya Nobel ya zolembalemba mu 2009, anabadwira ku Romania, pakati pa Ajeremani a m'chigawo cha Banat, ndipo anasamukira ku West Germany mu 1987.

Munthu akatopa nalo, angalisinthe?

Ku Germany kusintha dzina la banja n'kovuta, pamafunika chifukwa chomveka chimene boma livomereze. Koma malamulo awo amazindikira gulu la maina otchedwa Sammelnamen, ofala kwambiri moti sasiyanitsanso anthu, ndipo Müller alimo pamodzi ndi Meyer, Schmidt ndi Schulz. Wa dzina lotere akasonyeza kuti amasokonezedwa ndi ena, pempho lake limayenda mosavuta, ndipo nthawi zambiri amangomuwonjezera dzina lachiwiri.

Njira yodziwika ndi ya ukwati. Kuyambira 1994 okwatirana akhoza aliyense kusunga dzina lake, kapena kusankha limodzi mwa awiriwo, la mwamuna kapena la mkazi. Kuyambira pa 1 May 2025 akhozanso kuphatikiza maina awo awiri kukhala dzina limodzi la banja, ndipo ana amaloledwa kulitenga.